Zopita Pansi, Zopita M'manja

1.
Mwalongedza nokha, chemwali?
Inde.
Palibe wakupatsani katundu woti mukaperekere munthu?
Palibe.
Mayi wa pakauntala ya ndege anandiyang'ana pang'ono, anamata pepala pa sutikesi, lamba n'kuitenga. Ndege ndinali ndisanakwerepo chibadwire, koma ndinali nditanama kale kawiri.

2.
Abambo ali ku Joni kuyambira ndili ku sekondale. Amakonza magetsi m'nyumba za anthu. Poyamba ankabwera Khirisimasi iliyonse, kenako Khirisimasi ina ndi ina, kenako kunkangobwera mabulangete. Obwera pa basi ena amati kuli mayi wina wogulitsa nsalu. Ena amati kulibe.

Atamva kuti ndapeza mwayi wokapitiriza maphunziro komweko, anaimba foni.
Ndaziona, unditengereko mita yanga yachikasu, yoyezera magetsi ija. Ya kuno yafa.
Mita yokha, ababa?
Yokha.
Sanapemphe kulankhula ndi amayi. Amayi anali pambali panga, akusankha nyemba.

3.
Nyumba yathu ku Nathenje ili pa malo a kwawo kwa amayi. Abambo ndi mkamwini. Nkhoswe ya ukwati wawo ndi malume a Binwelo, ndipo nkhani ya mita itawapeza anafika tsiku lomwelo.

Kwathu kuno, anatero malume, mkamwini akaitanitsa zida zake ndiye kuti watsanzika. Akale ankanyamula nkhwangwa. Uyu wafuna mita? Mpatseni zonse. Chikatsala chimodzi adzati akadali wa pakhomo pano, mlongo wanga n'kukalamba akulondera bokosi.
Achimwene, apempha mita yokha, anatero amayi.
Nangozo, ndati zonse.

Pa mphasa:
mita yachikasu
zingwe zake ziwiri, chofiira ndi chakuda, za nsonga ngati jekeseni
masikuludiraiva
chodulira waya
selotepi wakuda wotha theka
katesita kofiira, koonera ngati magetsi alipo

Katesita sikanali m'bokosi la zida. Kamakhala pamwamba pa firiji. Malume anakakatenga okha.

4.
Ndinawerenga malamulo a ndege pa foni, mokweza, monga achitira munthu amene digiri yake ikadali yatsopano.
Zakuthwa ndi zosongoka: m'sutikesi, pansi pa ndege.
Mita ndi batire lake: m'chikwama cha m'manja, kuti isaphwanyike.

Malume analongedza zopita pansi, katesita pamwamba, anatseka zipi, anaika loko, kiyi n'kundipatsa. Amayi ankasita bulauzi yanga ngati sakumva. Anafunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinayankha maso ali pa foni.

5.
Iwe Ndaziona wa digiri, amene sukhulupirira za mizu, ndiwe yemwe m'mawa wa ulendo unapeza amayi ako atadzitsekera m'chipinda mwako pamodzi ndi zikwama zonse ziwiri ndi kiyi uja unasiya pa windo, ndipo atatuluka anati ndimakuikira mtedza wokazinga, iwe n'kukumbuka kuti sabata yathayi anapita ku Kamphata kumene kuli mayi uja akuti amabweza amuna othawa, ngakhale iwo anati amakagula tomato, tomato amene kunyumba sanafike wambiri, ndiye unayamba kuona kansanza kakuda komangidwa ndi ulusi katakhala mu mita, m'malo a batire, iwe uli pamaso pa apolisi a dziko la eni ukufotokoza m'Chingerezi chako chabwino kuti ufa umenewu si wozunguza bongo koma wa banja, ndipo unafuna kutsegula mita muli m'galimoto koma malume anali pa chiwongolero akukuona pa galasi, amayi pambali pako, chikwama chako chili pamiyendo pawo, atachigwira ndi manja awiri.

6.
Katesita kamaoneka ngati sikuludiraiva wamba, koma m'mimba mwake muli kababu. Abambo anandionetsa ndili mwana.
Lowetsa nsonga mu soketi. Palibe chachitika eti? Tsopano ika chala pa kachitsulo ka pamwambapa.
Kanayaka.
Paokha sikayaka, anatero abambo. Pamafunika munthu.

Atapita, amayi ankakagwiritsa ntchito pa pulagi ya ayironi, pa ketulo, ndipo nthawi zina pa soketi yomwe inalibe vuto lililonse.

7.
Lamba anaima. Chikwama changa cha m'manja chinabwerera m'makina ounikira katundu, n'kutuluka, n'kubwereranso.
Cha ndani ichi? anafunsa bambo wachitetezo.
Changa.
Mwalongedza nokha?
Inde.
Kachitatu.

Anavala magolovesi. Anatulutsa laputopu, juzi, kenako mita.
Ichi n'chiyani?
Mita yoyezera magetsi.
Yanu?
Ya abambo anga.
Ya abambo anu. Koma mwalongedza nokha. Yatsani.
Ndinayatsa. Manambala anaoneka.
Tsegulani kumbuyoku.

Ndinachotsa kachivindikiro. Pa mzere, bambo wina wa suti anali atayamba kale kutsonya.
Batire.
Batire lokha, ndi fumbi la ku Nathenje.
Ndinachita manyazi ndi amayi, amene sankadziwa n'komwe zomwe ndinkawaganizira.

8.
Bambo wachitetezoyo akanafunsidwa, akanati: pa makina awa padutsa usipa, uchi wa m'botolo la sobo, mpeni wodulira keke ya ukwati, nsapato za munthu amene anamwalira. Aliyense amati walongedza yekha. Mtsikana uyu ankayang'ana mita ngati muli njoka, ndiye ndinamuuza atsegule kuti mtima wake ukhale pansi, osati wanga. Makina sanaime chifukwa cha mita. Anaona kanthu kena kakatali, m'thumba la m'mbali, pansi pa mtedza, kokulungidwa mu mpango wa maluwa.

9.
Katesita.
Aka sikakwera m'manja, chemwali. N'kosongoka.
Kanali m'sutikesi. Ndinakaona ndi maso anga.
Maso anu sindikuwatsutsa, koma sutikesi yapita kale. Kaponyeni mu bini umo. Kapena ngati okuperekezani akadalipo, thamangani mukawapatse.

Mu bini munali masizasi, zowengera zikhadabo, foloko. Ndi amayi tinali titatsanzikana kalekale, malume atayamba kale kudandaula za fumbi la njira yobwerera. Ndinathamangabe.

10.
Amayi anali pa khomo penipeni, pomwe operekeza amalekezera. Mabenchi analipo, koma sanakhale. Malume anali kumbuyo kwawo, akugwedeza makiyi a galimoto.

Akakana aka, amayi.
Malume anasiya kugwedeza makiyi.
Nanga kanatuluka bwanji m'sutikesi ya loko?
Amayi anakakulunganso mu mpango, pang'onopang'ono, n'kukamanga pa nsonga ya chitenje.
Kafunseni boma, achimwene. Ine sindiyendetsa ndege.
Ndaziona, ukudziwapo chiyani?
Ndalongedza ndekha, malume.
Anayang'ana ine, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana wapolisi wa pakhomo ngati angathe kukadandaula kwa iyeyo. Dzina langa linamveka pa zimkuzamawu.

11.
Ku Joni abambo anandichingamira okha. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Okha. M'chipinda mwawo maso anga anayendera makapu, nsapato, zopachika kuseri kwa chitseko. Sindinapeze umboni. Sindinapezenso mtendere.

Ndinawapatsa mita, anamwetulira. Ndinatsegula sutikesi, kumwetulira kunatha.
Ndinapempha mita yokha.
Malume anati zonse.
Sanafunse tanthauzo lake. Anakhala ku Nathenje zaka zokwanira.

Anayala zida pa bedi, chimodzichimodzi. Zingwe, masikuludiraiva, chodulira waya, selotepi. Anapisa dzanja m'makona a sutikesi. Anakutumula zovala zanga.
Katesita?
Anakakana pa bwalo la ndege.
Anakataya?
Kali kunyumba.
Pa firiji?
Mwina pa firiji.
Anakhala pa bedi, pakati pa zida zawo, manja ali pa maondo. Panja panadutsa sitima, mawindo n'kunjenjemera.
Amayi ako, anatero, nambala yawo ikadali yomwe ija?

12.
Bulauzi. Ayironi. Nthunzi. Malume akuika loko, ine maso ali pa foni.

Nanga akakupeza nacho chosongokacho m'chikwama cha m'manja, anafunsa amayi, amachita nacho chiyani?
Amalanda. Kapena umabwezera okuperekeza, ngati sanapite.
Ngati sanapite.
Eya.
Anatembenuza bulauzi, n'kuyamba kusita kolala.

Ndipo pa khomo la bwalo la ndege paja, ine ndikubwera chothamanga, ndisanatsegule pakamwa, dzanja lawo linali litatambasuka kale.