Achira mu Julayi

Medson adayala makalata atatu pathebulo la Mayi Vainess, nawasalaza ndi chikhato ngati akusita. Linali Lamulungu masana. Kunja chipale chofewa chinali kusungunuka, chitada bii ndi utsi wa magalimoto a mu Oshawa, ndipo iye adali atakwera sitima ndi basi kuchokera ku North York m'mimba muli pululu.

"Idyani kaye, a Medson," adatero Mayi Vainess. "Makalata sathawa."

"Awiriwa akuthawa, mayi. Lachisanu likangodutsa, basi kwatha."

Mayi Vainess adali mzamba kwawo ku Dedza asanatsate amuna awo kuno ku Canada. Tsopano ankagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba, ndipo ankakonda kunena kuti ndi uzamba womwewo, kungoti kuja ankalandira, kuno akuperekeza. Amalawi ochepa amene adali m'dera la Toronto m'chaka cha 1976 ankabwera kwa iwo ndi nkhani zonse zolemera pakamwa.

Medson adachoka ku Ntcheu kudzafuna udokotala. Bambo ake, amene ankatsuka mabala pachipatala cha mishoni, adamutcha dzinalo atamva mmene Azungu amatchulira mankhwala m'chinenero chawo, ndipo mwanayo adakula atalisenza ngati mtolo wa nkhuni. Digiri yoyamba ya sayansi adaimaliza bwino ndithu. Koma kusukulu za udokotala adagogodako kawiri, ndipo kawiri konse adamuyankha ndi kakalata ka mizere inayi. Mlangizi wa ophunzira sadamubisire: malo a alendo ndi owerengeka, ndiye achite digiri yachiwiri, asankhe bwino, kenako ayesenso.

Kalata yoyamba inali yomulandira ku maphunziro a zaka ziwiri, ofufuza za magazi pansi pa pulofesa wina wotchuka. Ophunzira a pulofesayo pafupifupi onse ankalowa udokotala, chifukwa siginecha yake inkatsegula zitseko. Koma ntchito inkayamba pa 1 Meyi, ndipo mkuluyo sankadziwa mawu oti tchuthi. Kalata yachiwiri inali ya maphunziro a chaka chimodzi, a zaumoyo wa anthu. Amenewo ankayamba mu Seputembala, kumusiyira miyezi inayi yoti n'kufika kumudzi, koma odutsira njira imeneyo n'kufika ku udokotala adali osowa ngati mano a nkhuku.

"Nanga yachitatuyo?" adafunsa Mayi Vainess, akuloza kalata yabuluu ya masitampa a kwawo.

"Imeneyo ndiye yandibweretsa. Alemba ndi a Bester, malume ake a Selina mkazi wanga. Ndiwo ankhoswe athu."

Adaifutukula n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngakhale adali ataiwerenga kale kokwana kuiloweza. "Akamwini, kuno tili bwino, kaya inu. Nkhani ndi yakuti mkazi wanu Selina ndi wodwala. Tidazengereza kukudziwitsani chifukwa chosowa poyambira. Azimayi akuti achira mu Julayi. Tiuzeni maganizo anu msanga. Ife tili m'manja mwanu."

Mayi Vainess adaika kapu yawo pansi. Medson sadaone, chifukwa adali akutulutsa kale kabuku m'thumba la jekete. Masiku asanu ndi limodzi adali atathera mulaibulale, mutu uli m'mabuku a matenda a kumaiko otentha, ndipo adali atalemba mndandanda waukhondo: likodzo, malungo, kuchepa magazi, chifuwa chachikulu. Pa dzina lililonse adalembapo zizindikiro ndi mankhwala ake.

"Ine ndikusasipekita TB," adatero. "Matenda okhala ndi kalendala ndi amenewo. Mwina anamuyambitsa mankhwala chaka chatha, ndiye akuwerengera kuti kosi itha mu Julayi. Koma anthu athu aja, sanalembe ngakhale kuti akutsokomola kapena ayi! Inu munagwirako ntchito kumeneko, mayi. Mukuona bwanji?"

Sadadikire yankho. "Komabe ndadisayida kale. Mapanga awiri avumbwitsa. Nditenga ya chaka chimodzi, ndipite ndikamuone, ndikamutengere kuchipatala chenicheni. Udokotala ukalephereka, ulephereke."

Adanena izi atatukula chifuwa pang'ono. Tisamunamizire, zidamupweteka kwambiri kufika pa maganizo amenewa, ndipo kawiri konse adalira m'bafa. Koma munalinso kakunyada ka munthu amene wapereka mbuzi yake yonenepa pamaliro, amene amafuna kuti anthu aone.

"A Medson," adatero Mayi Vainess motsitsa mawu. "Kuno munafika liti?"

"Ogasiti, 1971."

"Kuchokera nthawi imeneyo munapitako kumudzi?"

"Mukudziwa kuti ayi. Chaka chilichonse ndimati ndimalize kaye ichi."

"Ndiye tandiuzani. Kwanu ku Ntcheu, akuluakulu akati mkazi ndi wodwala, azimayi n'kumawerenga miyezi yoti achire, amakhala akudwala chiyani?"

Medson adaika kabuku kake pathebulo. Ankadziwa. Adawamva mawuwo kuyambira ali wamng'ono, azakhali ake akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti uje ndi wodwala, uje wachira mwana wamkazi. Palibe amene ankatchula mimba poyera. Mawuwo sadamuthawe m'mutu ayi. Mtima wake ndi umene udawatsekera kunja, n'kumutumiza kulaibulale kukafuna matenda ena aliwonse amene akanatha kuwapirira.

Adayang'ana kabuku kake kaja. Chifuwa chachikulu adachilemba mzere kunsi, kawiri.

"Ndani?" adafunsa.

"Kalata sinanene. Ndipo dzina lakelo mukalidziwa mukachita nalo chiyani?"

"Ndinkamulembera mwezi uliwonse, mayi. Mwezi uliwonse! Sindinayang'anepo mkazi wina kuno, Mulungu ndi mboni."

"Ndikukhulupirira. Koma mtsikana munamusiya ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mumati azifunda maenivelopu?" Atatero adaona nkhope yake, ndipo adadzimvera chisoni ndi lilime lawo lomwe. Adatambasula dzanja n'kumugwira pamkono. "Pepani, mwananga. Sindikuti wachita bwino. Ndikuti zaka zisanu ndi zambiri kwa munthu wodikira. Inu kuno mumawerenga materemu, iye amawerenga maukwati a anzake."

Chitoliro chotenthetsa nyumba chinkagogoda kukhoma.

"Njira zikadalipo ziwiri," adapitiriza Mayi Vainess. "Alipo amuna amene amapita, n'kukhululuka, n'kulera mwanayo ngati wawo. Ndinawaonapo, ndipo ena akukhala bwino mpaka lero. Ena amamasula mkaziyo, apite kwa mwini mimba. A Bester akuti ali m'manja mwanu, ndiye kuti sanatseke khomo."

Medson adadzifunsa moona mtima, ndipo zimene adapeza zidamuchititsa manyazi kuposa kalata ija. Ululu udalipo, woopsa, wofika m'mafupa. Mkwiyo udaliponso. Koma pansi pa zonsezo padali kanthu kena kakang'ono kamene kadapuma mpweya wautali: tsopano akhoza kupita kwa pulofesa uja popanda womuloza chala. Apo ndi pamene adazindikira kuti Selina sadamutaye chaka chino. Adayamba kumutaya kalekale, chaka ndi chaka, nthawi iliyonse imene ankalemba kuti chatsala chimodzi chokha, akudziwa mumtima kuti zatsala zisanu ndi ziwiri.

"Ndikapita," adatero, "ndikamuuza kuti adikirenso. Ndikudzidziwa ine. Ndikakhala miyezi inayi, ndibwerera kuno, ndiyambanso kugogoda zitseko zomwe zija. Adikira ndi mwana kumsana."

Mayi Vainess sadamutsutse. Madzi akatayika saoleka, ndipo onse awiri ankadziwa kuti adayamba kudontha liti.

Medson adakoka fomu ya maphunziro a zaka ziwiri aja n'kusaina. Kusainako sikudamuvute, ndipo zimenezo zidamumvetsa chisoni. Kenako adapempha pepala.

Kalata ya kwa a Bester inali yaifupi. Adalemba kuti wamva, kuti mlandu saimba, kuti Selina wamumasula ndi mtima umodzi ndipo pasapezeke womunyoza, chifukwa wolakwa woyamba ndi amene adachoka. Adalemba dzina lake pansi. Atapinda pepalalo adalifutukulanso n'kuwonjezera mizere ina m'munsi. Mayi Vainess, amene adaimirira kumbuyo kwake ndi mbale ya chakudya chimene chidali chitazizira kale, adaiwerenga osafuna.

"Chonde, akachirire kuchipatala, asakhale kunyumba. Apite sabata ziwiri nthawi isanakwane. Mukukumbukira mmene adatayira magazi pa mwana wathu uja tidamuika osamutcha dzina. Akauze azamba zimenezi, ngakhale achite manyazi. Akachira, wina andidziwitse."

Mayi Vainess adabweza mbale ija pachitofu mwakachetechete, nakhala komweko nthawi yaitali, nkhope italoza kukhoma.