Kachitsulo ka Kumanzere kwa Mota

Bambo ake atamwalira, Feliciano anapita ndi mota yawo, njinga yamoto yakale, kwa Nércio, mekaniku wa ku Ulongwe. Ankafuna kuti ibwerere mmene inalili potuluka kufabrika kumene inapangidwa.

"Zitheka, achimwene," anatero Nércio, akugogoda kachitsulo kowotcherera kumanzere. "Koma aka ndidula. Anawotcherera ndani, wosula makasu?"

Feliciano anaseka, nati akaganize kaye.

Lamulungu ananyamula amayi ake, a Rufina, kupita ku Misa ku Fonte Boa. Iwo anakhala chammbali monga mwa nthawi zonse, ndipo mwendo wawo wodwala, umene supinda pabondo, unapeza wokha kachitsulo kaja, mwini wake osayang'ana n'komwe. Pamwamba pa kachitsuloko panali pataterera ndi nsapato yawo. Bambo ake a Feliciano sanatchulepo n'kamodzi komwe chifukwa chimene anakawotcherera.

Lolemba anabwerera kwa Nércio.

"A Mesitiri, pakani tinta yofiira yomwe ija, mupezenso nyale yake yeniyeni. Kachitsulo aka musakadule."

"Ndiye mota ya kufabrika ithera pati?"

"Amayi akweranso Lamulungu," anayankha Feliciano. "Mungokalimbitsa."