Dothi Lotsekemera la Pansi pa Msau

Motoka ya a Yotam inkadontha, ndipo komboni yathu yonse pa Boma inkadziwa. Inali vaneti yakale imene anagula pa okushoni azungu a zitsime atalongedza kubwerera kwawo, ndipo inabwera pamodzi ndi zigubu za madzi obiriwira othira mu redieta. A Yotam ankawanyadira madziwo. Ankati ndi akunja, injini ikawamwa siwira ngakhale padzuwa la kwathu kuno ku Feira. Koma redietayo inali yong'aluka, ndiye chimene athira m'mawa pofika madzulo chili pansi.

Ine ndine Fridah, ndimagulitsa nsomba zouma pamsika. Nyumba yanga inapenyana ndi yawo, msewu pakati. Anthu amati pakamwa panga m'powawa. Anene, ine zimene ndinaona ndi maso anga ndizinena.

Chinali chaka chija mvula inakana, mafuta nawo akusowa, kotero masiku ambiri motokayo inkangoima m'mphepete mwa msewu, pansi pa mtengo wa msau, poti ndi pokhapo panali mthunzi. Oyilo wakuda ankatsalira pamsewu, nkhuku n'kumapondamo. Madzi obiriwira aja ankatsetsereka pang'ono n'kukalowa m'tsinde mwa kachulu kamene kanali kumunsi kwake.

Mkazi wa a Yotam, Thelma, anali ndi pakati. Anali atapita padera kawiri, ndiye mimba iyi tonse tinkaiona koma palibe ankaitchula. Kwathu kuno mimba ya munthu amene anatayapo kale suitchula pakamwa, makamaka pamaso pa amuna. Mtima wa banja lonse unali pa mwana ameneyo, ndipo chiyembekezo chawo chinali motoka yomweyo, kuti tsiku likafika idzamuthamangitsire kuchipatala ku Katondwe.

Amayi ake a Thelma, a Josefina, anabwera kuchokera ku Kavalamanja kudzadikirira. Mayi wowonda, wachete, manja okakala ndi khasu la m'dimba. Iwo ndi apongozi awo a Yotam sankaonana maso. A Yotam akatulukira pakhomo, a Josefina ankazembera kuseri kwa nyumba. Akakumana panjira, ankapatuka n'kukhala pansi atafulatira, mpaka adutse. Moni weniweniyo unkadzera mwa Thelma. Sikuti ankadana, iyayi. A Yotam akabwerako ku ulendo sankalephera kuwagulira shuga kapena chitenje, n'kupatsa mkazi wawo kuti apereke.

Thelma anayamba kulakalaka dothi, monga timachitira amayi tikaima. Ine pa mwana wanga woyamba ndinatsala pang'ono kumaliza khoma la khitchini. Iye ankagobola la pa kachulu kaja ndi mpeni, amuna ake akachoka, chifukwa a Yotam anali atamuletsa kale, anesi atanena kuti dothi limabweretsa njoka zam'mimba. Tsiku lina anandiitana.

"A Fridah, talawani. Ili ndiye ndi lina, likutsekemera ngati athiramo shuga."

Ndinaika kachidutswa palilime n'kulavula. "Iwe, dothi linayamba liti kutsekemera?"

Anangoseka, n'kumanga zidutswa zina pakona ya chitenje.

Kenako galu wa aphunzitsi a pafupi nafe, amene ankakonda kugona pansi pa motoka n'kumanyambita madontho, anadzuka akudzandira ngati wamwa kachasu. Anasanza tsiku lonse, mawa lake tinamupeza atauma. Patapita masiku pang'ono tiana ta mbuzi tinatsatira. Ife tinkati ndi matenda a chilala. A Josefina okha ndi amene anaima nthawi yaitali pamsewu, akuyang'ana pomwe madzi ankadontha ndi pomwe ankathera.

Anabwera kwanga ndikuyanika nsomba, anakhala pansi osadikira mphasa.

"A Fridah, chimene chapha galu ndi chimene akudya mwana wanga. Ndamuletsa, wavomera, koma dzulo ndapezanso zidutswa pansi pa pilo."

"Ndiye auzeni apongozi anu achotse chimotoka chawocho!"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ine? Ndiyambire pati?"

"Thelma awauze."

"Akuopa, poti anamuletsa. Muwauze ndinu. Koma chonde za mwanayu musatchule. Munene za galu."

Tinayamba tagumula kachuluko ndi khasu. Zinathandiza chiyani? Chiswe chinamanganso, ndipo chinkamangira dothi lonyowa lomwelo. Ndiye ndinawoloka msewu. A Yotam ndinawapeza atagona chagada pansi pa motoka, akumata mng'alu wa redieta ndi sopo.

"A Yotam, chimotoka chanuchi chikukodza pamsewu ngati khanda. Chapha galu, chapha mbuzi. Mufuna chiphe ndani kuti mumve?"

Anatulutsa mutu, nkhope yonse oyilo. "Galu uja anadya mankhwala a makoswe, mayi. Redieta ili ku Lusaka, siili pamsika panu pa nsomba. Ndiichotse pano ndikaiike kuti, padzuwa, matayala aphulike? Mwezi wamawa ndikonza."

Ndinawauza mawu ena amene sindibwereza pano, iwonso anandiuza awo. Kuyambira tsiku limenelo moni unatha.

A Josefina ataona kuti ine ndalephera, anavala chitenje chawo chatsopano n'kupita ku khonsolo. Kumeneko kunali mnyamata woona zaumoyo, a Lovewell, wotumizidwa kuchokera ku Lusaka, amene ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji. Mayi aja anapita kwa iye monga umapitira kwa nkhoswe banja likavuta. Anagwada pakhomo la ofesi n'kunena kuti, "Mwananga, ukandilankhulire kwa apongozi anga." Nawonso a Josefina anangomuuza za galu ndi mbuzi.

A Lovewell anabwera tsiku lomwelo. Anakhudza dothi, ananunkhiza, kenako anaima pamsewu n'kuyang'ana kumunsi, komwe kuli chitsime chimene komboni yonse inkatungako, ndi mtsinje kuseri kwake.

"Bambo," anatero kwa a Yotam, "madzi awa ndi chiphe. Amatsekemera, n'chifukwa chake ziweto zimawakonda. Mvula ikangogwa, zonsezi pamodzi ndi oyilo zitsikira m'chitsime chija. Msewu ndi wa anthu onse, ndipo lamulo sililola kutayira zoipa pamenepa. Ikani chidebe pansi lero, ndipo motoka isaimenso pano mpaka mutaikonza."

A Yotam anali ndi mkwiyo wa ine kale. Anamuuza mnyamatayo kuti mvula ilibe ndi maganizo obwera, ndipo kuti anthu a matayi amabwera ndi kupita koma odwala a Feira amanyamulidwa ndi motoka yomweyi. A Lovewell anachoka. Anabweranso ndi wapolisi, wapolisi anafunsa mapepala, pepala la fitinesi, lololeza motoka kuyenda pamsewu, linapezeka kuti linatha kalekale. Basi, motoka anaikankhira kupolisi kuti ikadikire woweruza milandu, amene ankabwera mwa apo ndi apo. A Lovewell anavula tayi, anagwira fosholo pamodzi ndi anthu a khonsolo, anakumba dothi lonse la pamenepo ndi kachulu komwe, n'kukalikwirira kutali ndi madzi. Pamenepo ndimutame, ntchito anaigwira.

A Josefina analira kuseri kwa nyumba yanga. "Ine ndinati akalankhule, sindinati akalande. Nanga tsiku likafika mwana wanga adzakwera chiyani?"

A Yotam ankayesa kuti wakanena ndine. Anaima pakati pa msewu n'kukuwa kuti, "A Fridah, mkazi wanga akadwala mudzamubereka ndinu kumsana mpaka ku Katondwe!" Ndinawasiya aganize choncho, kuti mayi wa eni asalowe m'mavuto.

Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti Thelma anali atadzaza chitini cha dothi lija n'kubisa kudenga. Chulu chinapita, iye n'kumadyabe.

M'mawa wina, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinamva a Josefina akundiitana ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Thelma anali pakhonde akusanza, maso atalowa, akulankhula ngati woledzera. Mkodzo unali utasiya kutuluka kuyambira dzulo lake. Tikumunyamula, ndinaona magazi pachitenje. Anesi a pa kiliniki anamupima n'kunena kuti apite ku Katondwe nthawi yomweyo, koma motoka ya boma yonyamula odwala inali ku Lusaka.

A Lovewell atamva, anathamanga okha kupolisi, n'kulonjeza kuti mlandu wa motokayo ukhale pamutu pawo. Apolisi sanavute, anapereka makiyi. Koma motoka inali itaima padzuwa masiku onsewo, redieta itauma gwa, sopo uja atagwa, mng'alu utakula. Tinadzaza zigubu ndi zidebe zonse za m'komboni, tinayala matiresi kumbuyo, Thelma tinamugoneka mutu uli pamiyendo ya amayi ake. Ine ndinakhala kutsogolo ndi a Yotam, osayang'anana.

Msewu wa ku Katondwe nthawi imeneyo unali wa fumbi ndi miyala. Tikayenda pang'ono, nthunzi yatuluka, taima. A Yotam atsegule boneti ndi chiguduli, ine ndithire madzi, madziwo tikuwaona akutuluka pansi. Tiyendenso, tiimenso. Dzuwa linali pamutu, chitsulo chosagwirika. Kumbuyo Thelma anayamba wabuula, kenako anasiya, ndipo kusiyako ndi kumene kunandiopsa.

Tisanafike, madzi anatha. Tinaima pa kamtsinje kouma, mchenga wokhawokha. A Yotam anagwira mutu. A Josefina anatsika, anatenga mbale ya chitsulo, anayenda m'mchengamo mpaka pomwe panali bango, anagwada n'kuyamba kufukula. Anakumba mpaka mkono wonse unalowa, madzi amatope n'kuyamba kusonkhana. Ine ndinali nditakwera kumbuyo kugwira Thelma, ndiye panalibe wina wolandira. A Josefina anatunga mbale, anaitambasula, a Yotam anailandira m'manja mwawo. Onse awiri nkhope zinali kumbali, koma mbale inapita n'kubwera mpaka chigubu chinadzaza.

Tinafika dzuwa litapendeka. Masisitere anamulandira mwachangu n'kulowa naye, ife tinatsala pakhonde. A Yotam anakhala pa benchi, a Josefina pansi kumapeto kwenikweni kwa khonde atafulatira, ine pakati. Tinakhala mpaka mithunzi inatalika.

Sisitere wina wachikulire anatuluka akupukuta manja. Anati mayi ali moyo, koma impso zake zavulala ndipo akhala m'chipatala nthawi. Za mwana anangopukusa mutu. Anali wamwamuna.

A Yotam sanalire. Anangoti, "Tachedwa panjira, sisitere. Akanapanda kundilanda motoka..."

"Kuchedwa kwathandizirako," anatero sisitere, "koma thupi la mayiyu likuonetsa ngati lalowa chiphe. Sindingalumbire, koma ndifunse. Wadya chiyani, kapena wamwa chiyani masiku awa?"

Ine ndinayang'ana pansi. Ndinamva chitenje chikukhwekhwereza pa simenti. A Josefina anatembenuka, anayenda ndi maondo mpaka pafupi ndi benchi, nkhope yosaphimba, n'kuwayang'ana apongozi awo m'maso.

"Amadya dothi, bambo."

A Yotam anadzidzimuka, sindikudziwa ngati ndi mawuwo kapena ndi kumva liwu la apongozi awo likulunjika kwa iwo. "Dothi liti, amayi?"

"La pa kachulu. Pomwe pankathera madzi a motoka yanu."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira galu asanafe. Ku khonsolo ndinapita ndine, si a Fridah."

A Yotam anatembenukira kwa ine.

"Munabwera kudzandiuza za galu, a Fridah. Galu! Mnyamata wa khonsolo anandiuza za chitsime. Nonsenu munkadziwa, n'kumandiuza za mbuzi? Mukanangoti Thelma, motoka ija ndikanaikankhira ndekha mu Zambezi tsiku lomwelo."

Mpaka lero zimandiwawa, ndipo ndimakwiya osadziwa wokwiyira.

"Ndinkakupatsani ulemu, bambo," anatero a Josefina, misozi ikutsika osaipukuta.

A Yotam anatsika pa benchi n'kukhala pansi pa simenti, pafupi nawo, manja ali kumaso. Mapewa awo ankagwedezeka koma mawu osatuluka.

Mwana wobadwa chotero amaikidwa ndi amayi okhaokha, tsiku lomwelo, popanda kulira mokweza. Sisitere anatipatsa atamukulunga m'nsalu yoyera, wopepuka moti ndinachita kusuzumira kuti ndione ngati alimo. Amayi awiri odikirira odwala anabwereka khasu n'kutitsogolera. Titatsika pakhonde, a Yotam anadzuka kuti atitsate.

A Josefina anaima, mwana ali m'manja.

"Khalani, bambo. Kumeneko amuna sapita."

Ndipo anakhala.