Tchizi wa Ndaziona

Nangondo analota masana dzuwa lili paliwombo, atatsamira mtolo wa nsenjere kuseri kwa khola, chikwakwa chikadali m'manja. Analota ng'ombe yake ya mkaka, Dona, itatsegula yokha chitseko cha khola, n'kudutsa pabwalo, n'kupukuta ziboda pa chiguduli cha pakhomo, n'kulowa pabalaza. Inakhala pampando wa alendo. Mpandowo sunathyoke.

"Ndabwera kudzaona tchizi uja," anatero Dona. "Ndamva kuti wapangidwa popanda ine."

Tchiziyo analipodi patebulo, pamene Nangondo anamusiya. M'mawa wa tsiku lomwelo mwana wake mmodzi yekhayo, Ndaziona, amene anali atangofika kuchokera ku Blantyre patatha zaka ziwiri osaponda pakhomo, anatulutsa m'chikwama kambale kovundikira. Munali chinthu choyera, chozungulira ngati sopo wosambira. Anati ndi tchizi wa soya ndi mtedza, wopanga yekha, wopanda ngakhale dontho la mkaka, ndipo akufuna kuyamba kugulitsa kwa anthu amene mkaka umawavuta m'mimba monga umamuvutira iyeyo. Nangondo anali atamusungira chambiko cha masiku atatu, chogwirana bwino, koma mtsikanayo anachikana mwaulemu. Ulemuwo ndi umene unapweteka kwambiri. Munthu woti wakama ng'ombe zaka makumi awiri, woti anaphunzitsa mwana ndi mabere a ng'ombe, lero aziuzidwa m'nyumba mwake momwe kuti mkaka ndi matenda! Anakankha kambaleko ndi chala chimodzi n'kunena kuti iye zabodza sadya. Ndaziona sanachulutse mawu. Anangoti akwera minibasi ya masana omwewo m'malo modikira Lamlungu, ndipo sadzawavutitsanso ndi zinthu zake. Nangondo ankamudziwa mwana wake. Akati sabwera, sabweradi, poti kuuma mutuko anatengera kwa mayi ake omwewo.

Dona ananunkhiza tchiziyo nthawi yaitali, mpweya wake ukugwedeza nsalu ya patebulo.

"Sindikumudziwa," anatero. "Koma sindingamutche wabodza oyeza asanamuone. Nyamulani, mayi Nangondo."

"Pepani, ndili ndi ntchito," anatero Nangondo, ndipo anadabwa kumva pakamwa pake pakupepesa ng'ombe imene amaikalipira tsiku ndi tsiku.

"Ntchito yanu ndine. Ine ndanyamuka kale."

Anatulukira khomo la kukhitchini, koma kunja kwake sikunali kwawo. Kunali msewu wafumbi wodutsa m'minda ya tiyi, wopita kumene alimi a gulu lawo amakagulitsa mkaka. Nangondo anangozindikira atasenza chigubu chake, kambale ka tchizi kali m'manja, Dona ali patsogolo akuyenda mosapupuluma. Dzuwa ndiye linali ndi changu. Akaliyang'ana linkaima phee, akangoweramitsa mutu linkadumpha, moti chithunzithunzi chake chinkatalika iye akuchiona. M'chigubu pamutu pake munkalira hutala ya minibasi, nthawi zina patali, nthawi zina pafupi. Mtima wake sunakhale m'malo. Ankafuna kuthamanga, koma sankadziwa ngati athamangire kutsogolo kapena abwerere kunyumba, ndiye miyendo yake inkangotsata ng'ombe.

Pamalo ogulitsira mkaka panali mzere wautali wa anthu osawadziwa. Aliyense anali ndi chigubu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wonunkha ndowe. Mayi wina anati wake wakama ku soya. Bambo wina anali atakama ku mpunga, ndipo ankaonetsa anthu zala zake zotupa, poti mabere a mpunga ndi aang'ono kwambiri. Panali wa kokonati, panali wa malambe, panalinso nkhalamba ina imene inakama mtedza ndipo inkatsimphina, ikudandaula kuti mtedzawo unaimenya theche. Onsewo ankayankhula modekha, za mvula ndi za mitengo ya zinthu, monga amachitira alimi pamzere.

Lamulo la pamzerepo linali loti aliyense alawe wa mnzake. Makapu ankayenda m'manja m'manja. Akafika kwa Nangondo, iye ankatseka pakamwa kuti gwa n'kuyang'ana kumbali, ndiye Dona ankamwa m'malo mwake n'kupereka ndemanga.

"Wa soyawu ukununkha kumunda, koma ndi wokhutitsa," anatero. Atamwa wina anati, "Wa mpungawu ndi madzi aulemu." Wa mtedza anaumwa kawiri. "Uwu ndingamwetse mwana wanga nditadwala."

Nangondo zinamunyansa. Anayandikira khutu la ng'ombeyo n'kunong'ona.

"Inu simukupsa mtima? Anthuwa akukulandani ntchito."

"Ine ndili ndi mabere anayi okha," anatero Dona. "Anthu ndi ambiri."

Woyeza mkaka anali mwamuna wa Nangondo, malemu Makwinja, amene anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anavala jasi loyera ndi majombo a mphira. Anali atanenepako, imfa inkaoneka kuti yamuyanja. Sanamupatse mkazi wake moni wapadera. Anangoti, "Wotsatira," monga amanenera anthu akakhala pantchito. M'manja mwake munali kagalasi kaja kamene amaviika mumkaka pofuna kuona ngati mlimi wathiramo madzi, ndipo kagalasiko kankayankhula kokha ndi mawu aang'ono ouma. Wa soya kanauvomereza. Wa mpunga kanauvomereza. Nangondo anatula chigubu chake monyadira, ali ndi mtima woti lero aone onsewa mkaka weniweni.

Atatsegula, munali chambiko chija cha masiku atatu. Kagalasi kanaima momwemo chilili, osamira, osapendekeka.

"Ichi ndi chenicheni," kanatero. "Koma womwa chambikochi palibe."

Palibe anaseka, ndipo zikanakhala bwino akanaseka. Nangondo anatseka chigubu chake msanga n'kupereka kambale ka tchizi. Makwinja anayesa kulowetsamo kagalasi, koma kagalasiko kanadzikhotetsa n'kukana.

"Ine ndimayeza madzi," kanatero. "Izi amayeza ndi pakamwa."

"Ndiye lawani inuyo, bambo ake Ndaziona," anatero Nangondo.

"Ife kuno sitilawa, amake Ndaziona. Timangoyang'ana." Anapukuta kagalasiko pa jasi lake mosafulumira. "Kodi si inu amene munkapaka peyala pa buledi n'kumandiuza kuti ndi batala? Ndinadya zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sindinakutcheni wabodza ngakhale tsiku limodzi."

Nangondo anafuna kuyankha kuti peyala ndi peyala, koma hutala ija inaliranso, ulendo uno kuseri kwa khoma lenilenilo.

"Tulukirani khomo lakumbuyo," anatero Makwinja. "Musachedwe. Mwana akukama."

Khomo lakumbuyo linatulukira m'khola lake lomwe, koma litakula moti msewu wa tala unkadutsa pakati pake. Minibasi inaima pamene pamakhala modyera ng'ombe, injini ikulira, chikwama cha Ndaziona chili kale pampando wa pawindo. Mwiniwakeyo anali atakhala pa kampando kokamira, nsapato zake za m'tauni zitamira m'ndowe. Pamtanda wa denga panalendewera thumba lalikulu la soya ndi mtedza, lokhala ndi mabere anayi. Ankalikama ndi manja onse awiri, chipumi atachitsamiritsa pathumbapo, momwe mayi ake anamuphunzitsira ali wamng'ono. M'ndowa simunkagwa kanthu. Kunja kwa mpanda anthu a ku Blantyre anali atandanda ndi mbale zawo, akuyang'ana mawotchi, ena atayamba kale kuchoka.

"Bwanji mkaka sukutuluka?" anafunsa Nangondo.

"Mukudziwa inu," anatero Dona. "Kodi ine ndimatsitsa mkaka musanandibweretsere mwana wanga?"

Ankadziwadi. Dona anali ndi magazi a ng'ombe zamakolo, ndipo zoterezi zimabisa mkaka. Ukhoza kufinya mpaka zala kuchita dzanzi osaona dontho, kufikira utamasula thole, mwana wakeyo, kuti liyambe layamwa. Likangoyamwa pang'ono mkaka umatsika wokha, ndiye umalikoka n'kukalimangirira pamtengo pamene mayi ake aziliona.

"Thumbalo likudikira woyamba wake," anatero Dona.

Apa mpamene Nangondo anakumbukira mawu amene m'mawa muja anachita ngati sanawamve, poti mkwiyo unali utamutseka makutu. Ndaziona anali atanena kuti tchiziyo anamuyesa kasanu ndi kawiri, kupanga, kutaya, kuyambiranso, ndipo uyu sanalawitse munthu aliyense, ngakhale anzake okhala nawo nyumba imodzi. Anati ankafuna ayambe ndi amayi ake. Ananena zimenezi maso ali pansi, ndipo iye anayankha ndi chala chimodzi. Manyazi anamugwira Nangondo, pamodzi ndi chisoni chimene anali asanachimvepo chimwalirire mwamuna wake.

Anaponya phazi kuti apite kwa mwana wake, koma china chake chinamukoka pakhosi. Chinali chingwe. Anali atamangiriridwa pamtengo wa thole. Thole lenilenilo linali litakhala m'minibasi, pakati pa amayi awiri, likuyang'ana kutsogolo.

Ndaziona anacheuka. Kambale kaja tsopano kanali pamiyendo pake. Ananyema kachidutswa n'kutambasula dzanja.

"Kamodzi kokha, amayi. Ngakhale mulavule."

Nangondo anatambasula khosi. Chingwe chinaperewera pang'ono chabe, kutalika kwa chala chimodzi. Ndi mmene amamangira iye mwini, chachifupi, kuti thole lisabe mkaka. Mfundo nayonso inali yake, ija amadzitama nayo kwa alimi anzake kuti palibe thole linaimasulapo.

"Dona, ndimasuleni."

"Ndilibe zala, mayi Nangondo."

"Bambo ake Ndaziona!"

"Wotsatira," anatero mawu kuseri kwa chitseko.

Anakweza manja kuti amasule yekha, koma kumapeto kwa mikono yake kunali ziboda, ndipo zinkangoterereka pamfundopo. Dzuwa linadumphanso. Hutala inalira yaitali, yosadukiza. Ndaziona anadikira dzanja lili chitambasulire, kenako analibweza pang'onopang'ono. Anaimirira, napukuta manja pa siketi, nanyamula ndowa yake yopanda kanthu.

"Basi, amayi, musavutike," anatero mwaulemu.

Nangondo anakoka ndi mphamvu zake zonse. Chingwe chinamudya pakhosi, mtengo unagwedezeka koma sunazuke. Anafuna kuitana dzina la mwana wake, kumuuza kuti adikire, kuti pakamwa wayasamula kale, koma chimene chinatuluka kukhosi kwake chinali kulira kwa thole.

Kulirako ndi kumene kunamudzutsa. Dzuwa linali litapendeka. Dona anali m'khola akubzikula, osamuyang'ana n'komwe. Koma hutala ija inali ikulirabe, kumusi kumsewu, ndipo imeneyo sinali ya kumaloto.

Anataya chikwakwa n'kuthamangira m'nyumba. Chikwama cha Ndaziona munalibe. Bedi linali loyalidwa bwino. Patebulo panali kambale kaja, kovundikira, mpeni uli pambali pake. Mpeniwo sanaugwire. Ananyema ndi zala zake za nsenjere zomwezo, chidutswa chachikulu, n'kuponya m'kamwa, ndipo anatuluka akuthamanga wopanda nsapato, kambale kali m'manja.

Tchiziyo sanali ngati chambiko, sanali ngati chilichonse chimene anadyapo. Anali wowawasa pang'ono, wamafuta a mtedza, womata m'kamwa, ndipo kumapeto kwake kunkamveka soya. Kunena zoona sanamukonde kwenikweni. Anatafuna ndithu, akutsetsereka kanjira ka pakati pa nthochi, duku litagwera m'khosi, ndipo ananyemanso china.

Anafika pamsewu minibasi itayamba kale kuyenda. Ndaziona anali pawindo, maso ali kutsogolo. Nangondo anathamanga m'mbali mwake, mayi wamkulu ndithu, amayi ogulitsa tomato onse akumuona, ndipo anakuwa chakudya chili m'kamwa.

"Iwe Ndaziona! Mchere wachepa!"

Mtsikanayo anatembenuka. Anaona kambale, anaona pakamwa pa mayi ake. Anatsegula windo.

"Mwati bwanji, amayi?"

"Ndati mchere wachepa! Ungagulitse zotere kwa anthu? Tsika tikakonze!"

Minibasi inali itayamba kuthamanga, ndipo Nangondo mpweya unamuthera. Anaima pakati pa fumbi, akutafunabe. Kenako dzanja la Ndaziona linatuluka pawindo n'kumenya denga la minibasiyo kawiri.