Giza Yofera mu Juni

Giza yotenthetsa madzi osamba ya kwa a Zephaniah Sakala ku Chililalila inasankha bwino nthawi yofera: mu Juni, mphepo ikuluma makutu. Akazi awo, amayi Annet, anatsegula mpopi m'mawa, madzi n'kutuluka ozizira ngati a m'firiji.

A Zephaniah anagwira ntchito yokonza makina ku njanji zaka makumi atatu. Chipumireni, ankangokhala duu ndi wailesi yawo, ndipo mawu a tsiku lonse kwa akazi awo anali awiri: "tiyi" ndi "chitseko". Tsikulo anakwera kudenga ndi sipanala, anagogodagogoda, natsika ndi ulusi wa kangaude m'mutu. Giza osadzuka ayi. Manyazi a mmisiri ndi oopsa. M'mawa mwake bamboyo anadzuka yekha, kusonkha mbaula, kutereka madzi osamba a mkazi wake.

Tsono madzi a pambaula safulumira, ndipo podikira munthu sangangoyang'ana makala. Amayi Annet anafunda chitenje n'kukhala pafupi. Anayamba ndi za mphepo, kenako za kwawo ku Katete, kenako za tsiku la ukwati wawo pamene mkwati anafika ku tchalitchi atavala nsapato za mbale wake, zomuthina. A Zephaniah anaseka mpaka kutsokomola. Amayi Annet anali ataiwala kuti amuna awo ali ndi mano, ndipo mtima wawo unakondwa kwambiri.

Pa 1 Julaye amayiwo anapita kukatembenuza kalendala ya Chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi, yomwe anaisamutsira m'kanjira ka kubafa mwezi wathawo. Kuseri kwake anapeza swichi ya giza, yozimitsa. Anaigunda okha poikoleka! Anayang'ana swichiyo, anayang'ana panja pomwe amuna awo ankakupiza moto ndi chivundikiro cha poto, basi n'kubwezera kalendala pamalo pake. Mulungu awakhululukire, poti ndiwo mlembi wa Chigwirizano.

Wosokoneza anali mwana wawo Susan, poimba foni kuchokera ku Ndola. "Daddy, mukonze olo tigule ina. Amai sangazisambira mu baketi monga ali ku boarding!" Loweruka lake anatumiza Mubanga, wamagetsi wa ku Nakoli. Amayi Annet nkhawa inawagwira, chifukwa kukonza ndi kugula zonse zinali chimodzimodzi: mbaula ikazima, amuna awo abwerera ku wailesi.

"Batata, swichi yake ili kuti?" Mubanga anafunsa bambowo asanatule n'chikwama chomwe.

"Muyambe mwamwa tiyi, mwana wanga," anatero amayi Annet. Anamupatsa tiyi, mbatata, namufunsa kumene amapemphera, dzina la mkazi wake, ngakhale ana amene sanabadwe. Koma mbatata zimatha. Mubanga anatsata waya ndi maso mpaka pakalendala, n'kuitukula. Anacheukira amayiwo. Iwo anapukusa mutu pang'onopang'ono, maso ali tong'o.

"Eeh, iyi giza, batata," Mubanga anayamba kukanda m'mutu, "ili na vuto ya... ya..."

"Bweza kalendala iyo, iwe," anatero a Zephaniah ali pakhomo. "Thirty years ku railways, uganiza swichi inganilephele? Ninaiona pa tsiku yachiwiri."

Amayi Annet anagwira pakamwa. "Atate a Susan! Ndiye masabata onsewa mwakhala mukuvutika na malasha dala?"

"Nanga imwe? Munaiona pa first July. Kalendala munaibweza yopendama, nine ninaiwongola."

Mubanga anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kunyamula chikwama chake. "Manje ba Susan nizabauza chani? Repair olo replace?"

"Umuuze kuti tikali kuganizira," anayankha a Zephaniah. "Nkhani yaikulu siifuna kuthamangira."

M'mawa mwake amayi Annet anadzuka msanga, koma anagonabe phee mpaka anamva chivundikiro cha poto chikukupiza panja. Apo anafunda chitenje. Podutsa pakalendala sanaiyang'ane n'komwe, anangotuluka atanyamula mipando iwiri.