Boti la pa Damu la Esiteti

Latifa anatsika minibasi pa Njuli mwezi wa Juni, kukuwomba kamphepo kozizira, atanyamula zikwama ziwiri zikuluzikulu. Zaka khumi ndi zinayi anali atazithera ku Joni, mumzinda wa Durban, akugwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina la amalonda. Akabaza awiri anamufikitsa kwawo kufupi ndi Magomero, wina atanyamula iyeyo, wina katundu.

Amayi ake anali atamwalira chaka chapitacho. Anatsirizika m'mamawa, ndipo pofika masana anali ataikidwa kale monga mwa Chisilamu. Latifa anamva uthengawo pafoni akusita malaya a bwana wake. Kumaliro sakanafika, izo aliyense ankadziwa, koma ngakhale pa sadaka ya masiku makumi anayi sanaoneke. Nkhani imeneyi inakhala pakati pa iye ndi mchimwene wake wamkulu, Luqman, ngati kamwala mumpunga: sikaoneka, koma aliyense amatafuna mosamala.

A Luqman anali munthu wa mawu ochepa. Anthu a m'mudzimo anawasankha kuti aziyang'anira damu lakale limene azungu a esiteti anasiya, momwe kalabu ya alimi inkawetamo chambo ndi makumba. Padamupo panali boti limodzi lamatabwa, lobiriwira, limene anakhoma a Rafaeli, kalipentala wa ku Nguludi. Ntchito yake inali yodyetsera nsomba ndi kuponyera ukonde basi.

Sabata yoyamba yonse pakhonde pa a Luqman sipankasowa anthu. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzalonjera mlendo, ndipo Latifa ankawauza kuti wabwera ku holide ya mwezi umodzi. Akatha malonje ankatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa zithunzi. Chimene chinkayenda m'manja mwa aliyense chinali chimodzi: Latifa ataima m'boti loyera, lalikulu ngati nyumba, atavala mpango wa buluu, kumbuyo kwake nyanja yamchere ndi nyumba zazitali za mzindawo zikuwala ndi dzuwa lamadzulo.

"Limeneli anabwereka mabwana anga, munali ife tokhatokha," ankatero Latifa. "Tinayenda m'mbali mwa gombe mpaka dzuwa kulowa."

"Alamu, inu ndiye mwaliona dziko," ankatero Farida, mkazi wa a Luqman, akupukusa mutu. "Ife kuno tingofera pa nandolo."

A Luqman ankakhala chapatali akusoka ukonde. Chithunzicho sanachipemphe n'kamodzi komwe, ndipo Latifa ankaona ngati kukhala chete kwawoko n'kumuweruza.

Lachisanu lachiwiri, swala ya Asiri itatha, a Luqman anabwera pakhomo atanyamula nkhafi paphewa ndi kathumba ka madeya.

"Achemwali, valani juzi. Tiyeni."

"Kuti, achimwene?"

"Mukandithandize kudyetsa nsomba."

Anatsetsereka kudutsa m'minda ya nandolo amene anali atayamba kuchita maluwa achikasu. Atafika padamu, a Luqman anamasula chingwe pamtengo wa mkuyu n'kukankhira boti m'madzi osaya. Latifa anavula nsapato, n'kukwinya chitenje, n'kulowa. Botilo linapendekera uku ndi uku, iye n'kukuwa, n'kugwira matabwa a m'mbali ndi manja onse awiri.

"Khalani pakati penipeni, musadzuke," anatero a Luqman. Anamupatsa chigubu chodula pakati. "Madzi akafika m'mapazi muzikapa. Limadontha pang'ono, koma silinamizepo munthu."

Anakankha ndi nkhafi, ndipo mtunda unayamba kutalikira pang'onopang'ono. Mphepo inali italeka. Madzi anali bata moti Phiri la Chiradzulu linkaoneka kawiri, lina kumwamba, lina chadodolido pansi pa boti. Atafika pakati, a Luqman anamwaza madeya, ndipo madzi anayamba kuwira ndi timilomo ta nsomba. Latifa anamasula dzanja limodzi, n'kutapa madeyawo, n'kumwaza nayenso. Kachambo kena kanadumpha n'kumuthira madzi kumaso.

Thumba litatha, Latifa ankayesa abwerera. Koma a Luqman anakhotetsa boti n'kuyamba kutsata m'mbali mwa damu, mosafulumira, nkhafi ikulowa m'madzi mopanda phokoso.

Anadutsa madimba a kum'mawa, kumene mpiru ndi kabichi zinali zitandanda m'mizere mpaka m'mphepete mwa madzi. A Gladson, mnansi wawo, anali akupalasa pampu yamiyendo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Kodi a Luqman, mwayamba kunyamula alendo?" anafuula. "Mawa ndibwere ndi akazi anga?"

"Lero ndi la munthu mmodzi," anayankha a Luqman. "Inu mudikire lanu."

Kupitirira apo kunali bango lowirira. Akakowa anali atayamba kubwerera kogona, akutera pamtengo wouma umene unaima m'madzi, mpaka mtengowo unayera ngati wayanikidwa nsalu. Panthambi ya mkuyu wina panali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati mtolo wa udzu wofolera. Kenako panaoneka kanyumba kanjerwa kopanda denga, momwe munkakhala injini ya esiteti kalekale.

"Mukupakumbuka apa?" anafunsa a Luqman.

Latifa anapayang'ana, kenako anaseka. "Si pamene ndinagwera m'madzi paja? Tikuthawa mlonda, nzimbe zili m'manja."

"Munatuluka matope okhaokha, koma nzimbe simunaitaye."

"Ndipo amayi anakwapula inu, ine anangondisambitsa."

Anaseka onse awiri, ndipo kusekako kutatha kunatsala bata lina losiyana ndi la pakhonde lija. Latifa anakapa madzi kawiri katatu. Anazindikira kuti sakugwiranso matabwa.

"Si la ku Durban ili," anatero a Luqman, "koma ndi limene tili nalo."

Latifa anayang'ana chigubu chimene chinali m'manja mwake. Mawu anatuluka okha, asanawakonze.

"Achimwene, boti lija ine sindinalione."

A Luqman sanasiye kupalasa.

"Ananditenga kuti ndikagwire mwana. Titangonyamuka mwanayo anayamba kulira, ndiye adona anati ndipite naye kuchipinda chapansi asasokoneze alendo. Kunalibe windo lotsegula. Boti likugwedezeka, mwana akusanza, inenso ndikusanza. Maola atatu. Nyimbo ndi kuseka ndinkangozimvera pamwamba pa mutu wanga. Chithunzi chija anandijambula wantchito wa m'botimo titabwerera kale, anthu akutsika. Ndinachita kumupempha."

"Amayi ananena," anatero a Luqman.

"Ananena chiyani?"

"Mutatumiza chithunzicho ndinawaonetsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndichikulitse ndi zala. Ndiye anati, 'Taona dzanja lakelo. Wanyamula tinsapato ta mwana. Ameneyu sanapite kokasangalala, anali pantchito.' Anati ndisakuuzeni kuti aona."

Latifa anaphimba pakamwa ndi nsonga ya mpango. Chithunzicho anali atachionetsa kwa anthu osawerengeka, ndipo tinsapato tija iye mwini anali asanationepo.

"Miyezi yomaliza miyendo itakana," anapitiriza a Luqman, "ndinkawabereka mpaka pamkuyu paja. Ankakhala pomwe mwakhalapo, atafunda bulangete. Ankafuna kuona dimba lawo, poti wapansi sakanafikako. Tinkazungulira chonchi, iwo akundilangiza: apo wathirira mochedwa, apo tomato wafuna mitengo. Tsiku lina anati, 'Latifa akadzabwera udzamukweze. Iyeyo azidzangokhala, wina azipalasa.'"

Dzuwa linali litatsamira pamitengo ya bulugamu ya kumadzulo, ndipo madzi anasanduka ofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. A Luqman anapalasa kulowera kumene damu limapanikizika, pamene kamtsinje kamathiramo. Pamenepo anazika nkhafi m'matope, boti n'kuima.

Kumtunda kwake kunali nkhalango yaing'ono ya mitengo yachilengedwe. Latifa anaidziwa. Anali manda a mudzi wawo, kumene akazi salowa. Kuchokera kunjira munthu ankangoona mitengo, koma kuchokera pamadzi pano panali mpata pakati pa mitengo iwiri ya mbawa, ndipo mitumbira ingapo inkaoneka bwinobwino.

"Wachitatu kuchokera kumanzere," anatero a Luqman chapansipansi. "Pamene pali mwala woyera kumutu."

Latifa anauona. Unali mtumbira waung'ono, wosesedwa bwino, dzuwa lomaliza likuuwomba mbali imodzi. Anatambasula manja, ndipo mchimwene wake anayamba pemphero la duwa, iye akuvomera. Misozi inatsika yokha, yopanda phokoso, mpaka kudonthera m'zikhatho. Atamaliza anapukuta kumaso. Achule anali atayamba kuyesa mawu m'bango.

"Mapepala anga anali atatha," anatero Latifa. "Ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Ndinkaopa kutaya ntchito. Ndinasankha ntchito, achimwene. Palibe chifukwa china."

"Ine ndinakwiya," anatero a Luqman. "Sindikubisirani. Pa sadaka anthu ankandifunsa, ine n'kusowa choyankha. Koma mankhwala amene ankamwa amayi zaka zonsezi ankachokera m'manja mwanu. Malata a nyumba yawo, inu. Ine ndinali pafupi, inu munali kutali, tonse tinkasamala munthu mmodzi. Zinanditengera nthawi kuti ndizione choncho."

"Ntchito imene ndinasankhayo inatha." Latifa anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Mabwana anasamukira kunja mwezi wa Epulo. Anandisiyira makatani ndi mapoto. Za holide zija ndi bodza. Ndilibe kobwerera."

"Ndinadziwa."

"Munadziwa bwanji?"

"Munthu wa holide sabwera ndi ayironi ndi sefa."

Apa Latifa anaseka zenizeni, mpaka boti linagwedezeka, akakowa awiri n'kuuluka.

A Luqman anazula nkhafi n'kuloza kutsidya, kumene kunali kachigawo ka dimba kodzala udzu pakati pa madimba obiriwira. "Lija ndi la amayi. Chaka chino sindinalikwanitse. Malo a mayi ndi a mwana wamkazi, inu mukudziwa, ine ndimangosunga. Nthaka yake ndi yabwino, madzi ali pomwepo. Mukafesa tomato mwezi uno, Okutobala mukugulitsa pa Njuli."

"Manja angawa anaiwala khasu."

"Adzakumbuka. Sabata yoyamba adzatupa, kenako basi."

Latifa analiyang'ana dimbalo. Kenako anatambasula dzanja.

"Tandipatsani nkhafiyo."

"Amayi anati muzingokhala."

"Ndakhala mokwanira. Bweretsani."

Anasinthana malo mosamala, chokwawa, atagwirana mapewa. Latifa anamiza nkhafi n'kukoka ndi mphamvu zake zonse, ndipo boti linazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Anayesa mbali inayo, linazunguliranso chobwerera. Ulendo wachitatu linalunjika bwino, koma linalunjika m'bango, n'kukalowamo mutu wonse. Abakha am'tchire anabuka ndi phokoso, ndipo kutsidya a Gladson, amene anali akukulunga mapaipi awo, anagwira m'mimba ndi kuseka.

"Musalimbane nawo madzi," anatero a Luqman akuchotsa masamba a bango m'chipewa chawo. "Kawiri uku, kawiri uko. Pang'onopang'ono."

Anatuluka m'bangomo chobwerera m'mbuyo. Kawiri uku, kawiri uko. Botilo linkayenda mokhotakhota, koma linkayenda. Phiri linali litada, ndipo utsi wa m'makhitchini unali utayala pamwamba pa mudzi. Ali pakati pa damu anamva kuitana kwa swala ya Magharibi kuchokera kumzikiti, mawu akuyenda pamwamba pa madzi momveka bwino kuposa mmene amamvekera kumtunda.

"Mwandichedwetsa," anatero a Luqman, koma nkhafi sanailande.

Atafika pamkuyu a Luqman anamanga boti, n'kutawaza ndi madzi a padamu pomwepo, n'kuyala thumba la madeya lija paudzu kuti aswali. Latifa anakhala pamuzu wa mtengo akuwadikira, mapazi ali m'madzi ozizira, mapewa akuwawa.

Kunyumba anapeza Farida akuwotcha mbatata. "Nanga alamu, zitenje zanyowa chonchi, munagwera m'madzi?"

"Ayi, ndimapalasa."

"Inu? Mwasiya maboti a azungu n'kumakapalasa chibotichi?"

Latifa anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mbaula. Anatenga mbatata imodzi, n'kuiponya dzanja ili ndi ilo kuti izizire.

"Alamu," anatero, "mbewu ya tomato yabwino amagulitsa sitolo iti pa Njuli?"

Farida anamuyang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake amene anali akupachika nkhafi pakhoma osatembenuka. Kenako anakankhira mbale ya mchere kufupi ndi mlamu wake.

"Kwa a Khalil, pafupi ndi chigayo. Koma musapite nokha, angakupatseni yakale. Lolemba tipitira limodzi."