Supuni Ziwiri mu Tiyi wa Makwerero

Kuntchito kwake, kwa ozimitsa moto, ankamutcha Makwerero, chifukwa anali wamtali ndi woonda moti nthiti ukanaziwerenga ali m'malaya. Chaka chilichonse amuna opitirira zaka makumi asanu ankayesedwa. Dokotala ankayamba wawayeza kuthamanga kwa magazi, kenako ankathamanga ndi payipi paphewa n'kukwera nsanja zinayi atavala majombo. Wolephera ankatsitsidwa pagalimoto yozimitsira moto n'kuikidwa pageti kuti azilemba mayina a alendo. Makwerero ankati bola kufa.

Mkazi wake, telala wosokera pakhonde, ankamuona akubwera kokonzekera mayesowo ali wefuwefu, ndipo mtima unkamuwawa. Mchimwene wake wa telalayo, wonyamula zitsulo kujimu, anapatsa mlongo wakeyo chigubu cha ufa wa mapuloteni wochokera ku mkaka, umene amautcha weyi. Makwerero anangoununkhiza n'kunena kuti iye si nkhuku yoti azinenepetsedwa. Mkaziyo sanakangane naye. Anabisa chigubucho m'dengu la zigamba, ndipo m'mawa uliwonse ankathira supuni ziwiri mu tiyi wamkaka, n'kutakasa mpaka kachibuluma komaliza katasungunuka. Masabata asanu bambo ankamwa, uku akuyamikira kuti mkaka wa masiku ano ndi wokoma.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba la sabata ya mayeso Makwerero analephera kuponda pansi. Chala chachikulu cha phazi lamanja chinatupa, chili psuu ngati phwetekere, moti nsalu ikangochikhudza munthu wamkuluyo ankakukuta mano. Mayeso anali Lachisanu.

Achemwali ake a Makwerero, amene samva nkhani kawiri asanafike, analowa m'chipinda, kuyang'ana phazilo n'kugamula kuti imeneyo ndi gauti, nyamakazi ya anthu odya zonona. Kenako anafunsa mlamu wawo chimene ankadyetsa mlongo wawo. Telala anapita kudengu, n'kubwera ndi chigubu, naulula zonse.

"Mkazi wothira zinthu mu tiyi wa mwamuna ali ndi dzina lake, mlamu," anatero achemwaliwo. "Lero ndi ufa. Mawa?"

Makwerero anangoyang'ana kudenga osamuikira kumbuyo mkazi wake, ndipo zimenezo n'zimene zinamulasa mkaziyo kuposa mawu a mlamu wake. Telala anakhuthulira ufa wonse musinki, kutsuka chigubu ngati chinali ndi poizoni, misozi ili chuchuchu. Masiku awiri sanasoke cholongosoka. Diresi la kasitomala analiika mkono chagada, ndipo akamva mwamuna wake akubuula ankadziuza kuti wamuchotsa yekha pagalimoto ndi supuni.

Lachitatu anagwiriziza mwamuna wake mpaka kuchipatala. Dokotala anatsimikiza kuti inalidi gauti, ndipo asanamalize, telala anayambanso kuulula. Dokotalayo anamvetsera, kenako anati za ufawo sangalumbire mbali iliyonse, koma zochokera ku mkaka si zimene iye amayamba kukayikira. Amayamba wafunsa za mowa, kudya chiwindi, zakumwa zotsekemera ndi mankhwala. Mkaziyo anayankhira mwamuna wake monyadira kuti mowa salawa, ndipo mankhwala alionse samwa.

Makwerero anayang'ana phazi lake nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapulasitiki ka timapiritsi toyera. Anafotokoza motsitsa mawu kuti kuntchito akuluakulu ali ndi kachitidwe kawo: kukatsala mwezi kuti ayesedwe, amagawana mapiritsi okodzetsa a odwala bipi, matenda a kuthamanga kwa magazi, kuti makina a dokotala awerenge zotsika. Iye anapatsidwa ndi dalaivala wa galimoto yawo. Ndipo poopa kumangothamangira kuchimbudzi pakati pa ntchito, madzi anachita ngati kuwasiyiratu.

Dokotala anati mapiritsi amenewo, ophatikiza ndi ludzu, amatha kuunjika m'magazi asidi amene amabweretsa gauti. Anamuyeza bipi, napeza kuti ndi yokweradi, yofuna mankhwala oyenera. Kenako analemba kalata yakuti munthuyu asathamange Lachisanu.

Panja, akudikira galimoto, telala anafunsa osamuyang'ana kumaso.

"Bambo a ana, Lolemba lija munkadziwa?"

"Ndinkaganizira."

"Ndikutsuka chigubu chija munkandimva?"

Makwerero anati ankaopa pakamwa pa achemwali ake. Mkaziyo anafuna kukalipa, koma anakumbukira dengu la zigamba, n'kuleka. Onse awiri anabisirana, ndipo onse ankati akuteteza ntchito imodzi yomweyo. Koma mmodzi anaulula pamaso pa mlamu, mnzake n'kumusiya alire masiku awiri, ndipo zimenezo sanathe kuzimeza. Komanso ngati supuni zake zinaonjezerapo kanthu, ngakhale dokotala sanalumbire.

Lachisanu m'mawa Makwerero anavala yunifolomu, jombo kumanzere, patapata kumanja, kalata m'thumba. Ankadziwa kuti mpando wa pageti ukumudikira. Anakhala patebulo pamalo ake a masiku onse, koma kapu ya tiyi panalibe. Mkazi wake anamuikira tambula yodzaza.

"Imwani, dokotala anati muzimwa ambiri. Ndi madzi okha, sindinathiremo kanthu."

Makwerero ananyamula tambulayo ndi manja awiri, namwa onse osakweza maso.